NyaMhango ndi Utsi Wobwereka

Sabata yatha tinali kumudzi kwa amuna anga, kuseri kwa Euthini, kukaika mwala pamanda a apongozi anga, NyaMhango. Chaka chakwana chitisiyireni. Anthu anadya, anaimba, ndipo thobwa lomwe kuno amati chindongwa linazungulira m'zikho mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense ankayamikira kuti lakoma. Ine ndinangolawa n'kupatsira mnzanga, chifukwa mawere ake ndinachita kugula mumsika wa Mzuzu, ndipo ndikudziwa zomwe mwini mwambowo akananena. Akanagwedeza chikho, n'kununkhiza, n'kufunsa kuti phala la mwana wodwalali waphika ndani.

Amene anawadziwa m'miyezi yomaliza yokha amati anali gogo wofatsa. Pamaliro mayi wina wa kumpingo anachita kuimirira n'kunena kuti NyaMhango sankadziwa kukweza mawu. Ndinayang'ana amuna anga, a Yotamu, iwo n'kuyang'ana pansi. Apongozi anga sanabadwe ofatsa ayi. Tinawafatsitsa ndife, ine ndi mwana wawo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Anali mayi wamfupi, koma wa mawu okwana anthu atatu. Anabwera kudzakhala nafe ku Mchengautuwa amuna awo atamwalira. Katundu wawo anali sutikesi, mphika wadothi, ndi kathumba komwe anakaniza kondakitala kuti asakakweze pamwamba pa basi. Anakafungatira pamiyendo ulendo wonse. Ine, mtengwa wofuna kuoneka waulemu, ndinatambasula manja onse awiri kuti ndikalandire. Anandipatsa sutikesi.

M'kathumbamo munali timitolo ta mawere osapuntha, tomanga ndi luzi. Iwo ankati lipoko, ndipo ukati mawere ankakukonza ngati wawalakwitsa dzina. Sanali mawere wamba omwe ndinakula ndikuwaona kwathu ku Dedza. Ngala zake zinali zazing'ono, zofiira moderapo, zofumbata ngati dzanja la khanda. Mbewuyi anapatsidwa ndi amayi awo ku Hewe tsiku lomwe ankapita ku ukwati, ndipo chiyambireni sanalolepo kuti ithe m'manja mwawo. Kumudzi komwe anakwatiwa anthu anali atasiya kale mawere, onse ali pa fodya ndi chimanga cha m'sitolo. Otsala ndi mtundu umenewu anali awiri okha, iwo ndi mng'ono wawo wa ku Hewe.

Mfunda wanga ndi Naphiri, koma tsiku loyamba lomwelo anandisandutsa NyaPhiri, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka kutchalitchi. Tinkayambana pa chilichonse. Mchere wanga unali wambiri, tiyi wanga anali madzi otsukira kapu, kugwada kwanga kunali kwa bondo limodzi ngati ndikumanga nsapato. Nanenso pakamwa panga si pogona ntchentche, choncho khoma la nyumba ija linamva zambiri. Iwowo sanali mngelo. Fodya wa m'mphuno ankabisa m'thumba la yunifolomu ya amayi a kumpingo, ndipo akayetsemula pakati pa ulaliki ankayang'ana woyandikana naye mwaukali ngati wayetsemula ndi iyeyo. Kumsika ankayenda benchi ndi benchi, kutapa tinjere, kutafuna, kulavula, n'kuuza wogulitsa kuti zimenezi n'zodyetsa nkhunda. Sankagula kanthu. Amayi ogulitsa akawaona akutulukira ankachenjezana kuti avundikire madengu.

Ankakonda kunena kuti ife a m'tauni tili ngati nkhuku zoyera za m'khola, timangodya zomwe atithirira osafunsa kuti zachokera kuti. Za mbewu ankati si katundu woti n'kumusunga m'bokosi. Imafuna utsi kuti isafumbwe, komanso imafuna kumatuluka kukaona dothi, apo ayi imanyanyala. Ku Mchengautuwa zonse ziwirizi zinalipo. Kuseri kwa nyumba tinali ndi kakhitchini ka zigamba za malata komwe ankasonkha moto wa nkhuni, ndipo m'mphepete mwa dambo anapemphako kachigawo. Dzinja lililonse ankafesa, kukolola, kusankha ngala zonenepa n'kuzipachika pamwamba pa moto. Zotsalazo ankafulula chindongwa chomwe ngakhale ine, mdani wawo wa m'nyumba, ndinkapempha kuwonjezera.

Kenako mwini dambo uja anamangapo nyumba za lendi. Ntchito ya ukalipentala ya a Yotamu inayamba kuyenda, ndipo tinasamukira ku Chibanja, m'nyumba ya siling'i ndi magetsi, yomwe mwini wake anatiuziratu kuti safuna kuona nkhuni pabwalo. Ine ndinakondwa. NyaMhango anakhoma msomali m'khitchini mwanga n'kupachikapo timitolo tawo. Tinkadontheza mwaye pakhoma loyera, tinjere tinkayoyokera pansi, mbewa n'kuyamba kutichezera. Ndinkadandaula m'mawa ndi madzulo. Dzinja linadutsa osafesa, linanso n'kudutsa. Nthawi zina ndinkawapeza ataimirira pansi pa msomali uja, akununkhiza ngala imodziimodzi, nkhope itagwa.

Kumapeto kwa Kaning'ina, chakufupi ndi nkhalango, kuli malo omwe anthu amangoti mudzi wa a Chirwa. Ndi mudzi wopanda wogonamo. Anaumanga bambo wina wa ku Nkhata Bay atapuma ntchito ya uphunzitsi, kuti ana obadwira m'tauni aziona mmene makolo ankakhalira. Muli nyumba zozungulira zofolera udzu, nkhokwe, khola la nkhunda, mitondo, mphero, makasu osula pamanja, goli ndi pulawo ya ng'ombe. Masukulu amabweretsa ana pamabasi. A Yotamu ndi amene ankakhoma mabenchi ndi zikwangwani kumeneko, ndipo Loweruka lina anatitenga kuti amama akapitidweko mphepo.

Sanapitidwe mphepo, anapita kukazenga milandu. Nkhokwe anati ndi yaifupi miyendo, ngakhale khoswe wopunduka akhoza kukwera. Mtondo anati wasemedwa ndi munthu yemwe sanasinjepo. A Chirwa ankangoseka n'kumavomera. Koma titalowa m'kanyumba kophikira, mmene moto unkanyeka pamafuwa ndipo denga lonse linali bii ndi mwaye, apongozi anga anasiya zozenga milandu. Anakweza mutu, n'kukoka mpweya wautali.

"Moto uwu mumasonkha masiku onse, adada?" anafunsa.

"Tsiku lililonse, mama," anayankha a Chirwa. "Denga la udzu likasowa utsi silichedwa kufumbwa."

"Nkhuni zake n'za vichi? Si zapaini zonunkha zija?"

"Ayi, mama. Nthambi zouma za m'munda mwanga."

"Mbwenu mundibwereke josi linu."

Josi ndi utsi. Ine ndinaseka, kuyesa nthabwala, koma iwo sankaseka. Mawa lake anabwererako ndi a Yotamu, atafungatira kathumba kawo, n'kukapachika timitolo tonse pamtanda, pamwamba pa moto wa a Chirwa. Anawauzitsa a Chirwawo pamaso pa a Yotamu.

"Sindikukupatsani yayi. Ndikusungitsa. Ndikapeza pofesa ndidzatenga."

"Yewo chomene, mama. Pano n'panu."

Tsiku limenelo ndinazula msomali uja, ndinatsuka khoma ndi sopo, ndikuimba.

Kuyambira pamenepo Loweruka linali lawo. Ankavala chitenje chatsopano ndi duku la kutchalitchi, n'kukakhala pakampando pansi pa lipoko lawo, ana a sukulu atawazungulira. Palibe anawalemba ntchito, anangodzilemba okha. Ankaonetsa kapetedwe, kaperedwe pamphero, ndi kafesedwe koponya dzanja chammbali, uku akukalipira aphunzitsi kuti akuimirira ngati mitengo. Kutamandidwa ankakukonda kwambiri. A Chirwa atalembetsa kachikwangwani ka dzina lawo, iwo, osadziwa kuwerenga, anadandaula kuti zilembo zake zachepa poyerekeza ndi za pankhokwe. A Yotamu analembanso zazikulu.

Chilimwe chisanafike pachimake mawondo awo anatupa, ndipo anakhala masabata angapo osapita. M'masiku amenewo a Chirwa ankayembekezera alendo ochokera ku Lilongwe, choncho anapempha a Yotamu kuti apake mankhwala a chiswe ndi vanishi pa zinthu zamatabwa, mipini, goli ndi mitondo. Amuna anga atalowa m'kanyumba kophikira anapeza tinjere tofiira tili mbwee pansi, chifukwa ana ankakonda kudumpha n'kumatswanya ngala. Mtima unawapweteka poganiza kuti chuma cha amayi awo chikutha. Anachita zomwe manja awo amadziwa. Anatsitsa timitolo tonse, anatiniviika m'mankhwala a chiswe, titauma n'kupaka vanishi kawiri, n'kutipachikanso bwinobwino.

Anafika kunyumba akumwetulira, n'kundionetsa chithunzi pafoni.

"Mayi a Tawonga, taonani. Lipoko la amama ndaliteteza. Tsopano ngakhale zidzukulu za Tawonga zidzalipeza."

Ndinayang'ana kuwala kwa ngalazo.

"Mwapaka chiyani, bambo a Tawonga?"

Anandiuza, monyadira ndithu.

"Nanga idzamera bwanji? Mbewu ija ndi yamoyo."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, foni ili m'manja. Amuna anga anachoka kumudzi ali aang'ono kudzaphunzira m'tauni. Matabwa amawadziwa ngati abale awo, koma munda anausiya asanadziwe kugwira khasu. Tinagwirizana kuti tiwauza amama mawa, akadya.

Mawa lakelo anatitsogolera ndi nkhani yawo. Mayi wina wa kumpingo anali atabwera kudzawazonda, ndipo anawalonjeza kachigawo kuseri kwa Mchengautuwa, kotsetsereka, koyang'ana kotulukira dzuwa. Ndinawapeza akuvina pakhonde ndi mawondo otupawo, ndodo ili m'mwamba. Ndani akanatsegula pakamwa pamenepo? Tinati tidikire achire. Atachira tinati tidikire Khirisimasi idutse. Akulu anati zengerezu adalinda kwaukwau. Akafuna kupita ku Kaning'ina tinkawanamiza kuti a Chirwa atseka, akukonza madenga.

NyaMhango anayamba kukonza malo awo. Lipoko, ankatero, limakonda phulusa, choncho ankatola nthambi ndi mapesi, kuunjika, n'kutentha. Ndinkawakweza panjinga zahayala zomwe kuno amati sakaramento, ine n'kumatsatira pambuyo, ndipo mitolo ya nthambiyo ndinkasenza ndine. Ndinkasenza ndikudziwa. M'masiku amenewo m'pamene anayamba kundikonda. Tsiku lina titakhala pamthunzi, nkhope zili mbuu ndi phulusa, anandigawira fodya wawo, ine wosafwenkha n'komwe.

"NyaPhiri, pakamwa pako m'poipa, kweni manja ako ndi a munda," anatero. "Ine ndilibe mwana mwanakazi. Tikakolola, ngala zoyamba udzasankhe ndiwe. Udzampatse Tawonga akamapita kunthengwa, ku ukwati wake."

Ndinayankha kuti yewo, amama.

Choipitsitsa chinachitika kumayambiriro kwa Disembala. Mng'ono wawo wa ku Hewe anaimba pafoni yanga, ndipo poti apongozi anga ankaopa kudina molakwika, foniyo ndinkawagwirira ndine pafupi ndi khutu. Ndinamva zonse. Mng'ono wawoyo anati zidzukulu zikubwera pa Khirisimasi, lipoko lomwe watsala nalo n'lochepa, chaka chino sanathe kukonza munda, ndiye sakudziwa ngati afulule kapena asunge.

"Fulula lonse, ana amwe!" anakuwa NyaMhango. "Mbewu ili kwa ine, ili pa josi liweme. Chaka chamawa ndikutumizira thumba."

Foni ndinaigwirabe pakhutu pawo. Mawu amodzi okha akanakwana. Ndikanangoti dikirani, amama. Ndinaopa ukali wawo, ndinaopa kuwaika amuna anga pamoto, ndipo ndinkamva kukoma kukondedwa ndi mayi amene uja. Foni inaduka ndisananene kanthu.

Chaka chatsopano chitalowa, mvula itakhazikika, NyaMhango anadzuka m'mawa atavala za Loweruka, kathumba kaja kali m'khwapa. Anati lero akukatenga mbewu yawo, kaya a Chirwa atseka kaya atsegula. A Yotamu anasiya ntchito, tinapita tonse atatu. Njira yonse palibe anayankhula kupatula iwo, omwe ankatiuza za mitambo.

Tinapeza kuli ana a sukulu. Atawaona anakuwa kuti agogo abwera, n'kuwatsatira mpaka m'kanyumba kophikira. Moto unali ukunyeka. Timitolo tinali pamalo pake, tikunyezimira mumdima ngati mipando ya m'shopu. NyaMhango anaima. Anakweza ndodo, anakola kamtolo kamodzi n'kukatsitsa. Anakanda ngala ndi chikhadabo, palibe kanjere kanagwa. Anafikisa m'manja, osatheka. Kenako ananunkhiza, nthawi yaitali.

Ine ndinali nditakonzeka. Ndinkadikira mkuwo woti umveke mpaka kumsika, ndipo kunena zoona ndinkaufuna.

"Yotamu," anaitana motsitsa.

"Amama."

"Wapaka ndiwe?"

"Ndine, amama. Ndimati ndi..."

"Wapaka makora, bwino ndithu. Sunasiye pena paliponse."

A Chirwa, amene anali atangolowa, anavula chipewa. Iwo sankadziwa kuti mbewuyo inali yoti idzafesedwe chaka chomwecho, ndipo anayamba kupepesa mosokoneza Chichewa ndi Chingerezi. Apongozi anga anawaimitsa ndi dzanja. Anathyola ngala imodzi n'kuika m'kathumba, kamtoloko n'kuwapatsa a Yotamu kuti apachikenso. Kenako anakhala pakampando kawo, anaitanitsa lichero, n'kuonetsa ana kapetedwe mpaka basi yawo inaliza hutala.

Kunyumba anadula ngala ija ndi mpeni, anachotsa tinjere kamodzikamodzi, anativiika, n'kutifunditsa chiguduli chonyowa monga amachitira chimera. M'mawa uliwonse ankavundukula. Sipanatuluke kamuzu ngakhale kamodzi, koma nkhungu ndi fungo la mankhwala. Anandipempha kuti ndiwaimbire ku Hewe. Kumeneko chindongwa chinali chitamwedwa kale, ndipo akuti chinakoma kwambiri. Anakataya okha chigudulicho kudzala, n'kusamba m'manja. Ndinali pakhomo la khitchini, ndipo anandiyang'ana.

"Yotamu ndi munthu wa matabwa, sakumanya kanthu," anatero. "Iwe, NyaPhiri, ndiwe mwana wa mlimi. Unadziwa liti?"

Ndinawauza.

"Pamene timaotcha nthambi?"

"Ndinkadziwa, amama."

"Pamene umandigwirira foni?"

Ndinagwada, mawondo onse awiri. Anandiyang'ana kanthawi, n'kundilambalala kukalowa kuchipinda kwawo.

Sanatikalipire tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse. Kumsika anasiya kupita. Ku Kaning'ina sanapondekonso. A Yotamu anayenda mpaka ku Hewe, khomo ndi khomo, n'kubwerako ndi mawere a mitundu itatu m'timapepala. Amayi awo anayang'ana, anathokoza, n'kunena kuti tiphikire Tawonga phala. Zomwe ndawapatsa ankadya. Tsiku lina ndinathira dala mchere wodzaza dzanja m'ndiwo, kuti mwina anditukwane ndipumeko. Anadya mpaka kumaliza, n'kunena kuti yewo. Ndinakalirira kubafa. Chisanu cha mwezi wa Juni chitafika, ndi kamvula kake ka Mzuzu kosatha, chifuwa chinawagwira, ndipo sanalimbane nacho.

Titabwerako koika mwala ndinapita ndekha kumudzi wa a Chirwa. Nkhokwe anaikweza miyendo, monga mayi aja ananenera. A Chirwa akalamba, koma moto akusonkhabe tsiku lililonse. Anandiuza kuti anafunsapo a Yotamu ngati atsitse timitolo tija, amuna anga n'kuyankha kuti timitoloto tisiyeni pomwepo, tizindiona.

Ndili chiimire m'kanyumbamo munalowa mphunzitsi wachitsikana, akuyendera malo asanabweretse kalasi lake. Anawerenga chikwangwani cha zilembo zazikulu chija, anayang'ana kumwamba, n'kugogoda ngala imodzi ndi cholembera.

"Pepani amama, izi n'zenizeni kapena n'zapulasitiki?"

"Zinali zenizeni," ndinamuyankha.

Anagwedeza mutu, anajambula ndi foni, n'kutuluka.

Kampando kawo kakadali pomwepo, pakati pa mafuwa ndi khoma, ndipo lichero analitsamiritsa kumbuyo kwake. Palibe amakhalapo, ana amakazungulira. Utsi umakwera, umadutsa m'timitolo, n'kutulukira kudenga. Ndinawerama n'kupapasa dothi la pansi pake ndi dzanja, pamalo pomwe kale pankakhala mbwee. M'posesedwa bwino, ndipo sipagwanso kanjere ngakhale kamodzi.